Wodwala wathu wa ku Kachulu

Ku Chikanda, kumene ndinakulira, munthu sunkatuluka pakhomo utasamba ndi kudzola popanda wina kukufunsa kuti, "Ulendo wakuti?" Mayankho ake ankadziwika kale: kumsika, kuchigayo, kuchipatala, kumaliro, kutchalitchi, kapena kukaona wodwala. Ulendo unkayenera kukhala ndi mutu. Woyenda popanda chifukwa ankapatsidwa mayina, ndipo akakhala mzimayi mayinawo ankaipirapo. Ndayambira apa kuti mumvetse mmene abambo anga, munthu wosatha kunama, anapezekera atanama bodza limene linatidyera tsiku lathu lonse.

Ndinali mu Sitandade 4. Chinali chaka cha chisankho, chifukwa ndikukumbukira kuti amayi anali ndi zitenje za zipani zitatu, ndipo zonsezo ankaberekera mng'ono wanga Joyisi mosasankha. Abambo ankaphika ku nyumba ina ya alendo pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo kunyumba ankatsika Lachisanu. Amayi ankachapa zovala za ophunzira a ku koleji ya Chirunga, ndipo kawiri pa sabata ankalawirira kuphiri kukatola nkhuni. Ankabwerako dzuwa litapendeka, mtolo wautali kuposa chitseko uli pamutu, Joyisi ali kumsana, khosi likunjenjemera. Akautula mtolowo sankakhala pansi ayi. Ankangomwa madzi ali chiimire, n'kuyamba kuanula zovala za eni.

Kuphiri kuja kuli malo ena amene mitengo ya paini imathera, munthu n'kuona dziko lonse litayalidwa pansi ngati mphasa. Amayi ankapumira pamenepo, mtolo atautsamiritsa pamwala. Kutali kum'mawa kunkaoneka chinthu chonyezimira ngati lata latsopano. Imeneyo ndi nyanja ya Chilwa. Anaiona choncho zaka ndi zaka, koma anali asanaifikepo. Sanali munthu wodandaula amayi anga. Koma tsiku lina akusita malaya a mwana wasukulu wina, akuuzira makala a m'simbi, anangolankhula ngati akulankhula okha: "Madzi aja ndidzawaoneko pafupi ndisanafe, ndidziwe ngati alidi madzi." Abambo anali pakhonde akusenda mbatata, ndipo anamva.

Kuntchito kwawo abambo ankaona alendo, azungu ndi Amalawi ena a magalimoto, akudzuka m'mawa, kudya mazira, n'kunyamuka kukangoona basi. Ankaona mathithi, ankaima pamalo oonera tauni, kenako ankatsika kupita kunyanja kukakwera boti. Ankabwerako atapsa ndi dzuwa koma akuseka. Chakudya cha paulendo ankawalongedzera ndi abambo, ndiye ndondomeko yonse ankaidziwa pamtima. Tsiku lina anangoti, nafenso maso tili nawo. Anakambirana ndi amalume a Gusito, mlongo wawo wa amayi, amene ankayendetsa pikapu ya matola. Galimotoyo sinali yawo. Mwini wake analola kuti itinyamule Loweruka limodzi lokha, koma ikhale itabwerera pakhomo pake faifi koloko isanakwane.

Lachisanu masana amayi anakazinga mandasi, n'kusita diresi lawo la maluwa lija la Lamulungu. Apo ndi pomwe anadutsa mayi Likaka, oyandikana nawo nyumba, amenenso anali mkulu wa amayi oyendera odwala ku mpingo wathu. Anaima, n'kununkhiza mpweya.

"Kwagwanji, bambo a Esitere? Mandasi ndi zovala za kutchalitchi pakati pa sabata?"

"Tili ndi kaulendo mawa. Ku Kachulu."

"Kunyanja? Kuli ndani kumeneko?"

Ndinawaona abambo akukanda kumbuyo kwa khutu. Akanati tikukaona madzi, mawa lake Chikanda yense akanadziwa kuti bambo a Esitere akhuta zotsala za azungu, ayamba chizungu. Ena akanati akukatenga mankhwala olemeretsa.

"Msuweni wanga sakupeza bwino," anatero.

Amayi anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana, kenako n'kupitiriza kutembenuza mandasi.

Kutacha, tisanamalize ndi tiyi yemwe, mayi Likaka anatulukira atavala bulauzi yoyera ndi duku, Baibulo lili m'khwapa, kadengu ka ufa kali pamutu, nkhuku yomangidwa miyendo ili m'manja. Anati amayi a mpingo asonkha kangachepe, ndipo awatuma kuti atiperekeze, pakuti wodwala wa mkhristu mnzawo ndi wodwala wawonso. Munthu wotereyu ungamubweze bwanji? Mpando wa kutsogolo, umene abambo anaupukuta okha ndi kansalu konyowa kuti pakhale amayi, unapita kwa mlendo. Amayi anakwera kumbuyo, n'kukhala pa tayala la sipeya, Joyisi ali pamiyendo, nkhuku ili kuphazi. Ine ndinakhala pambali pawo. Abambo malo analipo kutsogolo, koma anakwera kumbuyo komweko. Ndikuganiza kuti anali manyazi.

Ndondomeko ya alendo aja inkayambira kuphiri, ndipo abambo sanafune kuidumpha. Anawauza mayi Likaka kuti ayambe akatenge bulangete kuntchito, loti wodwala akafunde. Tinayamba kukwera. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo pa ngodya iliyonse nkhuku inkakuwa, ine n'kugwira chitsulo cha galimoto mpaka zala kuchita dzanzi. Kunayamba kuzizira. Fungo la paini linalowa m'mphuno, losakanikirana ndi utsi wa galimoto yathu yomwe. Tinakumana ndi abambo otsitsa nkhuni panjinga, akugwira mabuleki ndi zidendene, ndi azimayi a mitolo akutsika mondondozana, maso ali pansi. Ena anali anzawo a amayi.

"Ee, amake Esitere, lero mwalikwera mutakhala pansi phirili!" anafuula mmodzi, osatembenuza khosi.

"Tikukaona wodwala," anayankha amayi, mawu ali ozizira ngati madzi a m'mtsuko.

Titafika pamalo oonera paja, amalume anaimitsa galimoto, n'kutsegula boneti, amvekere injini yatentha. Zimenezi anali atapangana ndi abambo. Ndinadumpha pansi. Udzu unali ndi mame, ndipo mphepo inkalowa m'diresi. Ndinaona tauni yonse: msika, mabwalo a ku Chirunga, ndi Chikanda wathu ngati zinyenyeswa zotayika pamkeka. Ndinafunafuna denga lathu, osalipeza. Kutali kuja, lata lonyezimira lija linalipodi. Anyamata ogulitsa magalagadeya ndi timiyala tonyezimira anatithamangira, atationa bwino n'kubwerera okha. Amayi sanatsike. Joyisi anali akuyamwa.

"Tatsikani muone, amake Esitere," anatero abambo chapansipansi.

"Phirili ndimalidziwa ndi khosi," anatero amayi. "Tiyeni kumadzi kuja."

Nawo mayi Likaka anatulutsa mutu pawindo, amvekere wodwala sadikira injini. Amalume anatseka boneti. Mathithi tinangowamva phokoso lake tikudutsa, kuseri kwa mitengo. Bulangete abambo analitengadi, lawolawo la kuntchito, pofuna kuti bodza likhale ndi miyendo.

Tinatsika, n'kudutsa m'tauni, n'kufika ku Matawale, kumene tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti phazi la woyendetsa matola silitha kudutsa dzanja loimika. Amalume anakweza mayi wa madengu awiri opanda kanthu, opita kukapikula nsomba. Anakwezanso bambo wa njinga yothyoka foloko, kenako matumba a mchere ndi mwini wake. Aliyense wokwera ankafunsa ulendo wathu, ndipo aliyense ankatipepesa. Mayi wa madengu uja mpaka anatilangiza mtengo wina woti tikamwetse wodwalayo. Miyendo ya amayi inapanikizika pakati pa thumba la mchere ndi tayala la njinga. Diresi la maluwa lija linasanduka lofiirira. Kuzizira kwa kuphiri kunaiwalika, dzuwa linayamba kuotcha paliwombo, ndipo Joyisi analira kuchokera pamenepo mpaka tinayamba kuona minda ya mpunga. Inali nyengo yokolola. Azimayi ankapuntha mpunga m'mbali mwa msewu, mankhusu akuuluka. Phiri lathu linatsalira kumbuyo, labuluu, looneka ngati silinavutitsepo munthu.

Nyanja ndinayamba kuimva ndi mphuno. Fungo la matemba oyanika, la matope ndi la utsi wa nkhuni zaziwisi linatilandira tisanaone chilichonse. Tinafika dzuwa lili pamutu. Ine ndinkayembekeza lata lonyezimira lija, koma pamene tinaima panali timisasa, ntchentche, maboti amatabwa atagona m'matope, ndi mabango ataliatali ataima ngati mpanda. Kuseri kwake kunkaoneka phiri la chilumba cha Chisi, ngati lamera pa udzu.

"Nanga nyanjayo ili kuti?" amayi anawafunsa amalume monong'ona.

"Kuseri kwa mabangowo, achemwali. Mpaka munthu akwere boti."

Mayi Likaka anatsika, n'kukonza duku, n'kufunsa kuti nyumba ya wodwala ndi iti. Abambo anati pamalopa pasintha, ayambe akafunse. Ndinawatsatira. Anayenda mpaka kuseri kwa timisasa, kwa mayi wina amene ankatembenuza matemba pamphasa, n'kugwada pang'ono.

"Pepani mayi, kodi kuno kuli munthu wodwala?"

"Dzina lake ndani?"

"Aliyense."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mukufuna wamalungo, wachifuwa kapena wamiyendo? Tili nawo onse."

"Wapafupi," anatero abambo.

Mayiyo analoza ndi milomo kanyumba kena kaudzu.

Pakhonde la kanyumbako panagona nkhalamba ina, msodzi wakale, dzina lake che Amidu. Anavala kachipewa koyera ka Chisilamu, ndipo miyendo yawo inali itatupa ngati mathunthu a nthochi. Ankawasamalira mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutcha abiti Amidu. Tonse titasonkhana, abambo anagwada patsogolo pa mphasa, thukuta lili kamukamu, n'kukweza mawu: "Msuweni! Tamva kuti simukupeza bwino."

Che Amidu anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwa aja. Anayang'ana kadengu ka ufa, anayang'ana nkhuku, anayang'ananso abambo.

"Eee," anatero pamapeto pake. "Mwakulatu. Kwanu onse ali bwanji?"

Kwathu kuno mlendo wobwera ndi ufa sumufunsa pagulu kuti ndiwe mwana wa yani. Mwina nkhalambayo inaganiza kuti ndi iyo yaiwala. Mwina inangotimvera chisoni. Mayi Likaka anayang'anitsitsa kachipewa kaja, n'kunena kuti sankadziwa kuti tili ndi achibale achisilamu. Abambo anati ndi a kuchimuna kwa agogo, a ku Mozambiki kuja. Mozambiki ndi dziko lalikulu, limakwana chilichonse. Atafunsidwa ngati angalole pemphero, che Amidu anati pempherani, Mulungu ndi mmodzi. Mayi Likaka anapemphera pemphero lawo lija lopanda doko, n'kuonjezera nyimbo ziwiri ndi mavesi ake onse.

Pemphero litatha, amayi anayang'ana pakhomopo. Abiti Amidu anali yekha, ndi ana atatu, ndi nsomba zoti awambe, ndi bambo wosatha kudzuka. Mbale zinali mbwee, mtsuko unali wouma, zofunda za wodwala zinkanunkha. Amayi anapuma mpweya wautali. Anavula nsapato, n'kumanga chitenje pamwamba pa diresi la maluwa, n'kufunsa kumene kuli tsache. Anasesa. Anapita kumjigo katatu, Joyisi ali kumsana. Anaphika phala. Nkhuku ija sitikanaipha ife, anachita kukaitana mkulu wina wa kumzikiti kuti adzaichinje, ndipo mkuluyo anabwera pa nthawi yake. Ataichinja, kuisosola ndi kuiphika kunagweranso amayi. Mandasi athu a paulendo anadya ana a pakhomopo, ine ndikuyang'ana. Abambo ankangoyendayenda, kutola ichi n'kuchisiya, osapeza pokhala.

Ndinali pafupi pamene amayi ankafinya zofunda za che Amidu, madzi akuda akugwera m'beseni. Abambo anabwera kudzawagwirira mbali ina.

"Bambo a Esitere," anatero amayi osawayang'ana, "kapena nyanja yanu ija ndi beseni ili?"

Abambo anangofinya mwamphamvu mpaka misempha kuoneka.

Thuu koloko itapitirira, amalume anayamba kugogoda wotchi yawo ndi chala. Ndinadziwa kuti basi, tibwerera. Koma mayi Likaka, amene pa nkhani ya matenda sankaseka, anadina mwendo wa che Amidu ndi chala, ndipo pamene anadinapo panatsala dzenje losabwerera. Anati uyu si wa phala ndi pemphero lokha ayi, uyu ndi wa kuchipatala, lero lomwe, galimoto ilipo. Abiti Amidu anagwetsa nkhope. Anati iye ndi mwana wamkazi, sangawatulutse abambo ake pakhomo achimwene ake asakudziwa. Achimwene akewo anali pa zimbowera, timisasa timene asodzi amamanga pa udzu woyandama, mkati mwa nyanja, n'kumagona komweko masabata. Kunalibe njira ina yowauzira koma kukwera boti.

Ndinaona maso a abambo akuyera ngati munthu wayatsa nyali.

"Amake Esitere apite nawo," anatero mofulumira. "Akafotokoze bwino za kuchipatala. Iwowa ndi amene amadziwa kulankhula." Anamasula okha Joyisi kumsana kwa amayi, n'kumupereka kwa mayi Likaka asanafunse funso. Ine sanandiitane, koma sanandiletsenso.

"Ola limodzi," anatero amalume. "Likapitirira, ku Zomba mubwera wapansi."

Boti linali la bambo wina woyandikana nawo, wosalankhulalankhula. Tinaponda matope ofunda mpaka m'mawondo kuti tilifike. Linali lamatabwa, lonunkha phula ndi mamba a nsomba, ndipo pansi pake panali timadzi. Abiti Amidu anakhala kutsogolo. Amayi anakhala pakati, n'kutsamira mulu wa ukonde wouma. Ine ndinakhala moyang'anana nawo. Mwini boti anaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali, n'kuizika pansi, n'kukankha.

Tinalowa m'kanjira ka madzi kopapatiza, mabango ali uku ndi uku, otalika kuposa nyumba. Phokoso la kumtunda linazima ngati munthu watseka chitseko. Kunatsala kulira kwa madzi pa matabwa, ndi kukhwekhwereza kwa mabango m'mbali mwa boti. Madziwo anali ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Panali masamba aakulu oyandama, ndi maluwa otuwira pakati pake, ndipo timbalame ta miyendo yaitali tinkayenda pamasambapo ngati pabwalo pawo. Kanjirako kankagawikana, n'kukumananso, n'kugawikananso, ndipo sindinamvetse mmene bamboyo ankadziwira kolowera. Kunali kotentha, kopanda mphepo. Amayi analowetsa dzanja m'madzi, n'kulitulutsa, n'kulinunkhiza.

"Utsi uja wandilowa m'maso," anatero. "Ndingotsinzina pang'ono. Tikatuluka m'mabangomu undigwedeze, wamva?"

"Ndamva."

Sipanapite nthawi. Mutu wawo unapendekera pa ukonde, ndipo kamwa linatseguka pang'ono.

Kenako mabango anayamba kuchepa, mphepo inandiwomba kumaso, ndipo tinatulukira poyera. Sindidziwa mmene ndingakuuzireni. Ine ndinakulira pansi pa phiri, kumene kulikonse ungayang'ane pali chokutchinga. Apa panalibe chotchinga. Madzi anangopita, n'kupita, mpaka kukakumana ndi mitambo, ndipo sunkadziwa pamene china chathera. Dzuwa linkathyokathyoka pamwamba pake mpaka maso kuwawa. Mbalame zoyera zinadzuka chigulu, n'kutembenuka zonse pamodzi. Boti linayamba kunyamuka ndi kutsika pang'onopang'ono, ngati chifuwa cha munthu wogona. Nditacheuka ndinaona phiri la Zomba lonse, kuyambira uku mpaka uko, laling'ono moti ndikanaliphimba ndi chikhato.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwedeze.

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti amayi anga ndinali ndisanawaonepo ali m'tulo. Ankagona ife titagona kale, ankadzuka ife tisanadzuke. Nkhope imene inali patsogolo pangayo inali yachilendo. Makwinya a pamphumi aja anali atafafanizika. Duku linali litasendera kumbuyo, ndipo paliwombo, pamene pankakhala nkhata, tsitsi linali lothothoka, khungu likuwala. Dzanja limodzi linagwera m'timadzi ta pansi pa boti, zala zotuwa ndi sopo zili chitambasukire, osagwira kanthu. Kumsana kunalibe mwana. Ankapuma mozama, ngati munthu amene akumwa madzi atayenda ulendo wautali.

Dzanja langa linaima m'malere. Ndinkadziwa chimene anandituma. Ndinkadziwanso kuti ulendo wonsewu, fumbi, nkhuku, bodza la abambo, zonse zinali za mphindi imeneyi. Ndinayang'ana abiti Amidu kuti mwina andiuza chochita, koma iye maso ake anali kutsogolo, kufunafuna msasa wa achimwene ake. Ndinati ndiwerenge mpaka teni, kenako ndiwadzutse. Nditafika pa teni ndinayambiranso. Ndinabweza dzanja n'kulikhalira.

Chimbowera cha achimwene aja sichinali patali. Kanali kamsasa kaudzu, utsi ukutuluka padenga, kakugwedezeka pamodzi ndi madzi. Abiti Amidu anafuula m'Chiyao, mwamunayo anatuluka, anakambirana mokweza, iye n'kudumphira m'bwato lake kuti atitsatire. Phokoso lonselo amayi sanalimve. Za kuchipatala palibe anafotokoza. Tinatembenuka, ndipo ndinayang'ana madzi aja mwamphamvu, ngati ndikuyang'anira anthu awiri, mpaka mabango anatitsekeranso.

Anadzidzimuka boti litakhuza matope a padoko. Anakhala tsonga, n'kukonza duku, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Tafika?"

"Tabwerako," ndinatero, ndikuyang'ana zala za kuphazi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakonzeka kulandira khofi, ndipo ndinkaona kuti ndiyenera kulilandira. Koma anangoti, "Iwe mwana iwe," n'kutsika m'boti.

Abambo anali ataima m'matope, buluku atalipinda, akutidikira. Nkhope yawo inali ngati ya mwana amene wabweretsa lipoti la kusukulu. Anayandikira kuti ena asamve.

"Mwaiona?"

Amayi anandiponyera diso kamodzi kokha. "Ndaiona," anatero. "Ndi madzidi."

Abambo anaseka, koyamba tsiku limenelo, n'kuwagwira dzanja powakweza pamtunda, anthu akuona.

Pobwerera che Amidu anagona pamphasa kumbuyo kwa pikapu, atafunda bulangete la abambo. Mwana wawo wamwamuna anawagwira miyendo, amayi anawagwirira mutu pamiyendo pawo kuti usamagunde chitsulo, Joyisi ali kumsana. Amalume anathamangitsa galimoto osaimanso ndi dzanja limodzi lomwe, ndipo mwini wake anaipeza pakhomo nthawi itangotsala pang'ono. Che Amidu anagonekedwa masabata awiri. Popeza tsopano anali msuweni wathu, ndipo Chikanda yense ankadziwa, chakudya cha kuchipatala ankaphika ndi amayi, n'kukapereka wapansi m'mawa ndi madzulo, pamwamba pa kuchapa ndi nkhuni. Mayi Likaka anaimirira m'tchalitchi n'kutitchula ngati banja lachitsanzo losaiwala abale. Abambo anangowerama. Nkhalambayo inachira, n'kukhalanso zaka zingapo, ndipo chaka chilichonse kunkabwera kathumba ka matemba kochokera kwa msuweni.

Amayi sanapitenso kunyanja. Galimoto sinapezekenso, kenako kunabadwa ana ena, kenako abambo anayamba kudwala. Mpaka tsiku limene anatisiya, abambo ankauza anzawo monyadira kuti akazi awo anakwerapo boti pa Chilwa. Ine ndi amayi sitinkaikamba nkhaniyi. Koma inkandilemera. Ndikawaona akutsika ndi mtolo, ndinkadziuza kuti chinthu chimodzi chokha chimene anapempha pamoyo wawo ndinawamana ndine.

Masiku ano zinthu zinasintha. Loweruka lililonse achinyamata amakwera kuphiri kukadzijambula ndi mafoni, akwati amakajambulitsa kudamu la kuphiriko, ana asukulu amapita pa mabasi akuimba. Ukati ndikukangoyenda, palibe amakudabwa, mwina amangokufunsa kuti ubwere ndi zithunzi. Mitengo inachepa, ndipo a nkhuni amapita kutali kuposa kale. Nyanja ija inaphwerapo mpaka anthu kuyenda wapansi pamene tinadutsa pa boti, kenako inabwereranso.

Amayi ndinadzawafunsa nditabereka mwana wanga woyamba. Anabwera kudzandithandiza, ndipo tsiku lina masana anandipeza ndikusinza chikhalire, mwana ali kubere, phala likupserera pamoto. Anachotsa poto mwakachetechete, osandidzutsa. Nditadzidzimuka, ndinangoyamba kulira, n'kuwapepesa za boti lija. Anaganiza kaye, ngati akufufuza chinthu pansi pa dengu.

"Tsiku lija ndinakwiya, usaname," anatero. "Mpaka ku Matawale ndinkafuna kukutsina. Koma tulo ngati timene tija sindinatigoneponso."

Ndinawafunsa ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa. Anati ndisawafunse zovuta, ndiwapatse mwanayo ndikasambe.

Pano ana ndili nawo awiri, ndipo wamkuluyo wayamba kundivutitsa kuti tidzapite kunyanja. Ndamulonjeza kuti tidzapita, ndipo tikadzafunsidwa panjira tidzanena zoona. Koma mmene ndikulimvera thupi langali, sindinamulonjeze kuti m'mabangomo ndidzatulukamo ndili maso.